Gemu ya Magalimoto ndi Mawu a Amayi

Mpaka lero ndikamva fungo la fumbi lotenthedwa ndi magetsi, mtima wanga umabwerera m'kachipinda ka amalume anga pa Msundwe. Kanali kachipinda kotsika ka malata, kuseri kwa golosale, khomo lake loyang'ana msewu wa ku Mchinji. M'menemo amalume a Yohane ankametamo anthu. Munkamveka sipiriti, sopo, tsitsi lonyowa ndi thukuta la alimi ochokera kokagulitsa fodya. Koma pamwamba pa zonsezi panali fungo lina lofunda, louma, limene linkatuluka m'timabowo ta kumsana kwa kompyuta ikayaka nthawi yaitali. Fungo limenelo ndinkalikonda kuposa la mandasi ogulitsidwa pakhomo, chifukwa likayamba kumveka ndinkadziwa kuti posachedwa amayi ayankhula.

Kompyutayo inali ya bambo anga. Iwo anali mphunzitsi pa sukulu ina kufupi ndi Namitete, ndipo mlendo wina wochokera kunja, amene anakhalako pamishoni, anawasiyira pobwerera kwawo kuti azilemberapo mayeso. Ngakhale pa nthawiyo inali itakalamba kale. Inali yachikasu ngati dzino la nkhalamba, ndipo sikirini yake ankanyamula anthu awiri. Bambo atamwalira, abale awo anabwera ndi ngolo n'kutenga njinga, mipando, wailesi ndi bedi. Kompyuta anangoiyang'ana n'kuisiya, poti kwawo kunalibe magetsi. Chaka chotsatira amayi nawonso anatisiya, ndipo ine ndinapita kukakhala ndi agogo aNabanda, amene anabereka amayi anga, m'mudzi wa kumpoto kwa msewu. Kumenekonso kunalibe magetsi. Choncho amalume anaitengera kometera kwawo, n'kuiika pakona, n'kuifunditsa chitenje cha kampeni chimene akazi awo anakana kuvala.

M'kati mwake munali mayeso a bambo, nyimbo za kwaya zimene anatayipa, ndi kanthu kena kamodzi. Tsiku lina masana, ine ndikadali wamng'ono, bambo analumikiza kamaikolofoni n'kuwauza amayi kuti aimbe. Amayi anali akusita. Zimene zinajambulidwa zinali zazifupi. Poyamba pankamveka kugunda kwa simbi ya makala patebulo, kenako amayi n'kuyamba nyimbo ya kwaya yawo ya kutchalitchi, motsitsa, ngati munthu wodziimbira yekha. Pakati pa ndime yachiwiri tambala ankalira kunja. Amayi ankaseka n'kunena kuti, "Aa, bambo a Esi, mukundichititsa manyazi. Chotsani kanthu kanuko." Kenako kamwana kankatsokomola chapatali, ndipo kamwanako ndinali ine. Zonse zinkathera pomwepo.

Bambo anandiphunzitsa kuwatsegula mawuwo asanayambe kudwala. Sindinkadziwa china chilichonse pa kompyuta, koma njira imeneyo ndinkaidziwa ngati njira ya kudambo. Kukanikiza batani lalikulu, kudikira zilembo zoyera zithamange pa mdima, kudikiranso mpaka tizithunzi tioneke, kenako kukankha mausi mpaka kamuvi kafike pa kachithunzi ka maikolofoni. Loweruka lililonse agogo ankapita pa Msundwe kukagulitsa mtedza wosenda, ine ndikuwanyamulira kambale koyezera. Tikamaliza tinkalowa kwa amalume. Agogo sankakhala pa benchi ya odikira kumeta. Ankavula nsapato zawo zapulasitiki pakhomo, n'kukhala pansi pa simenti, miyendo atatambasula, n'kundiyang'ana. Ine ndinkavundukula chitenje chija.

Tinkamvera kawiri basi. Ulendo woyamba agogo ankaweramitsa mutu. Ulendo wachiwiri milomo yawo inkayenda limodzi ndi nyimbo, ndipo tambala akalira ankagwedeza mutu ngati akumudzudzula. Sindinawaonepo akulira pamenepo. Amalume okha ndi amene sankapirira. Ndikangogwira chitenje, iwo ankakumbukira kuti malezala atha, kapena kuti pali munthu amene akuwafuna pa depoti, n'kutuluka, nthawi zina kumusiya munthu atametedwa mbali imodzi. Panalinso akulu ena a mpingo amene ankanong'ona kuti si bwino munthu wopemphera kumakamvera mawu a womwalira sabata ndi sabata. Agogo anazimva, koma Loweruka lotsatira anavulanso nsapato pakhomo lomwelo.

Chisanu cha chaka chimene ndinali mu Sitandade 5 chinali chowawa. Mphepo inkadutsa m'minda yokololedwa n'kumaulutsa makoko a chimanga mpaka pamsewu. Miyendo yathu inatuwa, milomo n'kung'aluka, ndipo m'mawa agogo ankandipaka mafuta a nsatsi amene ankanunkha tsiku lonse. Sukulu zitatsekera, kunabwera Gifiti, mwana woyamba wa amalume, amene ankaphunzira Folomu 3 m'tauni. Anabwera ndi nsapato zoyera, kayendedwe katsopano, ndi madisiketi, timbale tosungira zinthu za pa kompyuta, omangidwa pamodzi ndi mphira wa chubu cha njinga. Anati m'madisiketimo muli magemu, ndipo m'tauni anyamata amalipira kuti asewere. Amalume anamvetsera makina ometera ali m'manja. Inali nyengo ya fodya, anyamata a pa Msundwe anali ndi kangachepe m'matumba, ndipo ometa anali atachuluka mpaka pansi pa mitengo. Tsiku lomwelo chitenje cha kampeni chinachotsedwa, ndipo sichinabwererenso.

Magemu ang'onoang'ono anayenda. Panali ina ya timabokosi togwa kuchokera kumwamba, ndi ina ya kamunthu kodumpha maenje. Anyamata anadzaza pakhomo mpaka kutseka kuwala. Koma onse ankafuna gemu ya magalimoto, imene Gifiti anaisimba mpaka aliyense ankaiona m'maso asanaione. Kuti iyambe, ankayenera kutuluka mu Windozi, m'mene munali tizithunzi tija, n'kupita pa mdima wa Dosi, pamene munthu amachita kulemba chimene akufuna. Ankalemba dzina la gemuyo ndi chala chimodzi, n'kumenya batani mwamphamvu. Sikirini inkaphethira, m'kati n'kumveka ngati mbewa ikukukuta chitsononkho, anyamata n'kusiya kupuma. Kenako pankatuluka mzere umodzi wa Chingerezi wonena kuti memore siyokwanira.

"Yadzaza," anatero Gifiti. "Ili ngati ngolo. Ukaipakira mopyoza, ng'ombe sizikoka. Tiyenera kutsitsako katundu."

Aliyense m'chipindamo anagwirizana nazo. Onse anali anthu odziwa ngolo. Mkulu wina amene anali pampando, thovu lili kukhosi, anawonjeza kuti potsitsa katundu umayambira matumba olemera. Panalibe amene akanatsutsa, ndipo inenso ndinaona kuti n'zomveka. Chimene chinandiopsa chinali funso lakuti katunduyo ndi uti.

Gifiti anayamba ndi mayeso a bambo. Amalume anati silabasi inasintha kale, palibe amene adzawafune. Gemu inakana. Anachotsa nyimbo za kwaya, poti zinalimo kale m'mabuku a kutchalitchi. Inakananso. Anachotsa kapulogalamu kojambulira, kamene bambo ankandilola kujambulapo nyumba ndi dzuwa. Ndinali mwana wosayankhula, wozolowera kukhala pakona n'kumaona. Koma Loweruka lililonse ndikakankha mausi ndinkapeza tizithunzi tachepa, mipata ili apa ndi apo ngati m'kamwa mwa mwana woguluka mano. Kachithunzi ka maikolofoni kanali kakadalipo, koma anzake oyandikana nako anali atapita. Agogo sankaona zimenezi. Iwo ankayang'ana sipika, osati sikirini.

Tsiku lina ndinamupeza Gifiti ali yekha, akudya chinangwa chootcha, mapazi ali pa benchi. Ndinaima pakhomo nthawi yaitali mpaka anandiona.

"Mkazi wanga, wabwera kudzandiphikira kodi?" anatero, monga amachitira asuweni. "Lowa, usaime ngati mlonda."

"A Gifiti, mawu a amayi musachotse."

Anasiya kutafuna. Gifiti sanali woipa mtima, ndipo amayi anga anamulerako ali wakhanda. Anapukuta manja pa buluku n'kunena kuti, "Iwe, ungaganize kuti ndingafufute azakhali? Bwera kuno. Tiwaika pa disiketi, ukawasunge wekha m'sutukesi ya agogo." Anasankha disiketi imodzi, n'kuiuzira, n'kuilowetsa. Kagetsi kobiriwira kanayaka, makina n'kuyamba kukukuta. Ndinali nditayamba kale kuganiza za kansalu kamene ndidzaikulungemo. Kenako panatuluka kabokosi ka mawu. Gifiti anayesa disiketi ina, n'kutulukanso kabokosi komweko. Mawu a amayi sankakwana pa disiketi. Iye anayandikira sikirini, n'kuwerenga manambala a m'mbali mwa dzina la fayiloyo, n'kuimba kamluzu.

"Eee. Ndiye chachikulu kuposa zonse zatsala muno chimenechi, eti."

Ananena motsitsa, ngati akudziuza yekha, koma ndinaona maso ake akukhalitsa pa manambalawo. Atatembenuka anandipeza ndikumuyang'ana, ndipo anayankhula mofulumira. Anati ndipeze wailesi ya kaseti, tidzaiike pafupi ndi sipika, tijambule, basi nkhani yatha.

M'mudzi mwathu wailesi ya kaseti inali imodzi, ya aNachisale, oyandikana nafe. Madzulo amenewo ndinawauza agogo zonse, ndipo aka kanali koyamba kuti ndiwauze chinthu chachitali chotero. Anamvetsera akusenda mtedza, zala zawo osaima. Nditamaliza anakutumula makoko pa chitenje n'kupita okha kwa aNachisale. Anabwerako ndi yankho lakuti wailesi yapita ku chinkhoswe ku Nsaru ndi mwana wawo, ibwera Lachisanu. Agogo anatsegula sutukesi n'kutulutsa kaseti imodzi ya kwaya imene abale a bambo anaiiwala. Anati nyimbo zimenezo tikhoza kuzimva kutchalitchi, tijambule pamwamba pake. Anasonkhanitsanso mabatire akale a tochi n'kuwandandalika pa denga la khola kuti awothe dzuwa. Sabata imeneyo m'mawa uliwonse ndinkawatulutsa, madzulo n'kuwalowetsa, ngati anapiye.

Lachitatu agogo anandituma kuchigayo pa Msundwe. Mzere unali wautali, ndipo pamene ndinkatuluka dzuwa linali litapendeka, nsidze ndi tsitsi langa zili mbuu ndi ufa. Ndikanatha kungodutsa. Koma ndinamva phokoso la anyamata kwa amalume, ndipo ndinatula thumba langa pakhomo n'kulowa cham'mbali, kukhala kumapeto kwa benchi.

Amalume anali atakwiya. Tchuthi chinali chikupita kumapeto, fodya anali akutha, ndipo anyamata anali atatopa ndi timabokosi togwa. Ena anali atayamba kupita kukaonera mafilimu kuseri kwa msika. Mmodzi wa iwo, wamtali, wovala chipewa cha ulusi, ankamuseka Gifiti kuti galimoto zake zathera mafuta ku Njewa. Onse anaseka. Gifiti makutu anali atamutentha.

"Chatsala n'chiyani?" anafunsa amalume, osasiya kumeta.

"Chatsala chachikulu n'chimodzi, bambo. Koma tinagwirizana kuti Loweruka abwera ndi wailesi."

"Chiyani?"

"Azakhali."

Makina ometera analira okha kwa kanthawi, osakhudza mutu wa munthu. Amalume sanayang'ane kompyuta, ndipo sindikudziwa ngati anali atandiona. Anayang'ana pagalasi, pamene panali nkhope yawo ndi ya munthu wometedwayo.

"Mlongo wanga tinakamuika kumanda tonse, masana, anthu akuona," anatero. "Sali m'bokosi umo. Amayi akungodzizunza nazo. Fufuta."

Ndinaimirira. Ndinati, "Amalume." Ndi mawu okhawo amene anatuluka, ndipo anatuluka aang'ono, ouma ndi ufa. Mwina makina anawaphimba. Gifiti yekha anatembenuka, n'kundiona, n'kubwezanso nkhope. Pa sikirini panabwera kabokosi kofunsa ngati watsimikiza. Chala chake chinaima m'mwamba nthawi yaitali ndithu. Wachipewa uja anati, "Dinya, aise, tione magalimoto." Ndipo anadinya.

Sipanamveke kanthu. Ndinkayembekeza kuti pamveka phokoso, kapena kuti magetsi aphethira. Kompyuta inangokukuta pang'ono ngati mmene inkachitira nthawi zonse. Gifiti anatuluka mu Windozi mofulumira, n'kulemba dzina la gemu, n'kumenya batani. Anyamata anaunjikana mpaka ine sindinkaonanso sikirini, ndinkangoona misana. Kenako misana ija inagwa, wina n'kutukwana, wina n'kuseka. Pamene anabalalika ndinauona mzere uja wa Chingerezi uli pomwe unkakhala, wosasintha ngakhale chilembo chimodzi.

Ndinasenza ufa wanga n'kupita. Njira yonse mphepo inkandiwomba kumaso, ndipo ndinkabwereza nyimbo ija mumtima, kuyambira pa kugunda kwa simbi mpaka pa chifuwa cha kamwana, n'kuyambiranso, kuopa kuti ndikasiya kanthu kena kagwa m'njira. Nditafika kunyumba ndinapeza agogo akutsitsa mabatire pa denga la khola. Anawagwira m'manja n'kunena kuti afunda bwino. Ndinatsegula pakamwa, koma mawu anakana. Anakananso mawa lake, ndi Lachisanu pamene mwana wa aNachisale anabweretsa wailesi n'kutisonyeza mabatani awiri oyenera kukanikiza limodzi.

Loweruka agogo sanatenge mtedza. Anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, n'kukulunga wailesi mu nsalu yoyera, n'kuisenza pamutu. Ndinkayenda pambuyo pawo ndikuyang'ana mfundo ya nsaluyo ikugwedezeka. Podutsa pa mlatho wamitengo ndinati, "Agogo." Iwo anati, "Fulumira, magetsi angazime." Ndinafulumira.

Anavula nsapato pakhomo monga mwa nthawi zonse, n'kukhala pansi, n'kumasula nsalu. Gifiti atangoona wailesiyo anatuluka osapereka moni. Amalume nthawi imeneyi sanapite kukagula malezala. Anapempha munthu amene ankamumeta kuti adikire panja, n'kugwada pafupi ndi amayi awo, chinthu chimene ndinali ndisanawaonepo akuchita pa simenti ya tsitsi ija. Anayankhula motsitsa, mozungulira, za kudzaza kwa makina, za anyamata, za akulu a mpingo. Agogo anawasiya mpaka mawu anawathera.

"Yohane, unandifunsa?"

"Amayi, ndimaona ngati zikukupwetekani."

"Zimandipweteka, inde. Ndinakuuza kuti undichotsere?"

Amalume anayang'ana pansi. Agogo anatembenukira kwa ine n'kunena kuti ndiyatse. Ndinayatsa. Ndinakankha kamuvi mpaka pa kachithunzi ka maikolofoni, n'kutsegula, koma m'kati munalibe choti n'kuimba. Tinakhala choncho tikumvera kamphepo ka m'makina, fungo lija la fumbi lofunda likudzaza chipinda. Agogo anakhala nthawi yofanana ndi imene tinkakhala masiku onse. Kenako anamanganso wailesi mu nsalu yake, n'kuvala nsapato, osatsanzika.

Titafika kunyumba agogo sanabweze wailesi. Anayala mphasa pakhonde, kumene kunkafika kadzuwa ka masana, n'kuika wailesiyo pakati pathu. Anandifunsa ngati nyimbo ija ndikuidziwa yonse. Ndinati inde. Anati osati mmene amaimbira kutchalitchi, koma mmene ankaimbira iye. Ndinatinso inde. Anakanikiza mabatani awiri aja ndi zala ziwiri za manja onse, mwamphamvu, ngati akuphwanya nsabwe, ndipo kaseti inayamba kuzungulira.

Ndinagogoda pansi ndi mwala m'malo mwa simbi, n'kuyamba kuimba. Ndisanafike patali agogo anandidula. Anati ndathamanga, iye sankathamanga choncho. Ndinayambiranso. Anandidulanso pa mawu ena amene amayi ankawakoka, n'kundiimbira okha mmene ankamvekera. Sitinadziwe kuti tikanatha kuimitsa kaseti n'kubwerera kumayambiriro, choncho inkangozungulira, ikutenga zonse. Ulendo wachitatu ndinafika pa ndime yachiwiri, n'kuima pamene tambala ankalirira. Tambala wathu anali kuseri kwa nkhokwe, ndipo sanalire. Ndinaseka mmene amayi ankasekera, n'kunena mawu awo aja a manyazi, n'kutsokomola. Agogo anayang'ana kaseti ikuzungulira. Kenako anati, "Eya. Wayandikira." Mabatire anafooka posakhalitsa.

Gemu ya magalimoto inadzayenda tchuthi chisanathe. Gifiti anakwera minibasi kupita m'tauni kwa mnzake amene anamupatsa madisiketi, n'kubwerako ndi disiketi ina imodzi. Imeneyi ankailowetsa kompyuta isanayake. Ikayaka choncho, sinkadzutsa tinthu tambirimbiri timene inkadzutsa masiku onse poyamba ntchito, ndipo gemu inkapeza malo. Sanafufute kalikonse. Ananditumizira uthenga kuti ndibwere, ndipo nditafika anathamangitsa anyamata onse pa mpando.

"Yamba ndiwe," anatero, osanditcha mkazi wake. "Sulipira."

Ndinamufunsa ngati zimene anachotsa zija zinathandizako. Anayang'ana kiyibodi n'kupukusa mutu. Anati mnzakeyo anamuseka, akuti memore ndi china, mosungira zinthu ndi china. Anawonjeza kuti akanapanda kuikamo magemu ena pambuyo pake, mwina azakhali akanabwezeka, koma tsopano malo awo alembedwapo zina. Ananena zimenezi mwamsangamsanga, ngati munthu womeza mankhwala owawa.

Ndinakhala pampandopo. Msewu unatambasuka pa sikirini, wotuwa, wa mizere yoyera, mitengo yobiriwira ikuthamangira kumbuyo, kumwamba kuli buluu amene ndinali ndisanamuonepo. Kagalimoto kofiira kankamvera zala zanga. Ndikakanikiza kumanzere kankapita kumanzere. Zinali zokongola, ndipo kwa kanthawi ndinaiwala zonse, mpaka ndinamva pakamwa panga pakumwetulira. Nditazindikira ndinachotsa manja. Kagalimoto kanapita kokha n'kukagunda chikwangwani, anyamata pakhomo n'kukuwa kuti mtsikana waononga mpata. Phokoso la injini linkatulukira mu sipika yomwe ija. Sindinalowenso m'chipindamo mpaka mvula inagwa, ndipo agogo sanalowemonso mpaka kumwalira kwawo. Mtedza ankagulitsa tsidya lina la msewu. Amalume ankabwera kumudzi ndi shuga ndi sopo, agogo n'kulandira ndi manja awiri, n'kuwafunsa za ana, koma za Loweruka lija sanazitchulenso.

Lero ndimaphunzitsa makompyuta pa sekondale ina, ndipo chaka chilichonse ndimafika pa phunziro la memore. Ndimawauza ana kuti mosungira zinthu muli ngati nkhokwe, pamene memore ili ngati lichero limene umapetera. Makina akale aja, ngakhale nkhokwe ikule bwanji, lichero lake loyamba linali la makilobaiti 640 basi, ndipo tinthu todzuka poyatsa tinkakhala titadzaza kale mbali ina. Ukafuna kupeta zambiri umachotsa zimene zili m'lichero. Kugwetsa nkhokwe sikukulitsa lichero. Ana amamva msanga, amaseka, amalemba. Palibe amene amafunsa chifukwa chimene aphunzitsi awo amayang'ana pawindo akafika pamenepa.

Ndili mwana ndinkakhulupirira kuti amalume anasinthanitsa mlongo wawo ndi magalimoto. Tsopano ndapitirira msinkhu umene iwo anali nawo, ndipo ndimakumbukira malezala amene ankatha Loweruka lililonse, ndi nkhope imene inali pagalasi tsiku lija. Sindinganene kuti ndinawamvetsa kwathunthu, ndipo sitinakambiranepo. Mawu enieni a amayi anandithawa pang'onopang'ono. Ndikayesa kuwakumbukira, chimene chimabwera ndi mawu anga a pakhonde paja. Tambala yekha ndi amene ndimamumvabe bwinobwino.

Kaseti ija ndikadali nayo, ndipo ndinaisamutsira m'malo angapo kuti isadzatayike. Tsiku limene tinkaijambula ndinkaganiza kuti tikupulumutsa amayi, ndipo ndinkadandaula kuti agogo akuononga kaseti ndi kundidula kwawo. Amayi mulibemo. Muli kamtsikana kamantha kakugogoda mwala pansi, mphepo ya chisanu ikuwomba pa maikolofoni, ndi nkhuku chapatali. Ndipo muli mayi wokalamba amene sanajambulidwepo kwina kulikonse moyo wake wonse, akupuma pafupi kwambiri ndi wailesi, akuimba mzere umodzi wa mwana wake ndi mawu osasa, komanso akunena kuti, "Wathamanga, Esi. Bwerera, uyambirenso."